Mfuti Zakale za kwa Maganga: Zeni-zeni ndi Zofanizira

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Senga Bay m'dziko la mfumu Maganga kufikira ku Nkhotakota, ndi kutsidya kwa Makanjira, zikalipo nyumba zina zosunga mfuti ya makolo. Ina iri kutsindwi, yokulungidwa m'ciguduli. Ina yatsala mpope wokha, mtengo wace unadyedwa ndi ciswe. Ina inafukulidwa ndi khasu m'munda momwe munali linga kale. Ndipo mfuti iri yonse iri nayo mbiri imene eni ace aisimba. Wina ati, Iyi inacokera kwa Jumbe. Wina ati, Iyi inalira pa nkhondo ya Makanjira. Winanso ati, Agogo anabwera nayo ku nkhondo ya Ajeremani.

Mau otere sitiyenera kuwapeputsa, pakuti mbiri ya mudzi isungika mwa iwo. Komanso sitiyenera kuwameza osatafuna, pakuti mbiri ikayenda pakamwa pa mibadwo inai ikula monga mtsinje wa m'dzinja. Mwai wace ndi uwu, kuti citsulo ciri nayo mbiri yaceyace yolembedwa pathupi pace, ndipo wodziwa kuwerenga akhoza kulinganiza mau a pakamwa ndi mau a pacitsulo. Nchito iyi itiyenera ife aphunzitsi ndi alaliki, amene anthu atitengera makalata ao kuti tiwawerengere. Cifukwa cace tifuna kufotokoza pano njira imene mfutizi zinadzera, mitundu yace, zizindikiro zace, ndi malonda a mfuti zofanizira.

ZA MAU ACE

Tiyambe ndi mau, monga mwa cizolowezi ca masamba ano. Dzina lakuti mfuti liri m'gulu la maina onga mbuzi ndi nyumba, amene sasintha pocuruka: titi mfuti iyi, mfuti izi. Mfuti yothira wonga kukamwa icedwa gogodera, ndipo dzinali licokera ku mneni kugogoda, pakuti mwini wace agogoda wonga ndi cipolopolo ndi ndodo kufikira zitakhazikika pansi pa mpope. Ana a sukulu aonepo lamulo la mathero a aneni: tsinde lokhala ndi o kapena e litenga -era, monga kugogoda, kugogodera, ndi kuomba, kuombera, koma lokhala ndi a, i kapena u litenga -ira, monga kulasa, kulasira, ndi kusula, kusulira.

Tisiyanitsenso kuomba ndi kuombera. Munthu aomba mfuti, koma aombera njobvu. Mwana akalemba kuti, Anamuomba, owerenga aganiza za mbama kapena za galimoto; akalemba kuti, Anamuombera, onse adziwa kuti panali mfuti. Mneni kulasa ndi wakale koposa mfuti, pakuti anali wa uta ndi mkondo, ndipo makolo anangompatsa nchito yatsopano.

Mau ena aulula okha njira imene cinthuci cinadzera. Fataki, ndiko kacisoti ka mkuwa koyatsira wonga, mzinga, ndiyo mfuti yaikuru yosanyamulika paphewa, asilikari, boma, limene poyamba linali dzina la linga: onsewa tigawana ndi Ciswahili ca ku gombe la kum'mawa. Ndipo dzina lakuti Keyala ndilo zilembo zitatu K.A.R., za gulu la King's African Rifles lokhazikitsidwa m'caka ca 1902, monga lilime lathu linazifewetsa.

NJIRA IMENE MFUTI ZINADZERA

Pa gombe la kwa Maganga nyanja icepa m'mimba mwace, kotero kuti tsiku lopanda nkhungu mapiri a kwa Makanjira aoneka bwino. Cifukwa cace amalonda anakonda kuoloka pano, ndi pa Nkhotakota, pamene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, namanga zombo za matanga. David Livingstone, poyenda m'gombe lino m'caka ca 1861, anaona madooko amene anthu ogwidwa anaolotsedwapo. Kutsidya njira inapitirira kufikira ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Zopita kum'mawa zinali minyanga ya njobvu ndi anthu. Zobwera kuno zinali nsaru, mikanda, waya wa mkuwa, wonga ndi mfuti.

Nanga mfuti zocuruka cotero zinacokera kuti? Zinacokera m'nkhokwe za magulu a nkhondo a ku Ulaya. Nthawi iri yonse mitundu ya kumeneko inapeza mfuti yoposa yakale, inagulitsa zakalezo kwa amalonda pa mtengo wocepa, ndipo amalonda anazitumiza kuno. Zinatero itatha nkhondo ya Napoleon m'caka ca 1815. Zinateronso m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, pofika mfuti zotsegula kumbuyo. M'caka ca 1888 Euan-Smith, kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, anayerekeza kuti mfuti 80,000 kufikira 100,000 zinalowa caka ndi caka pa madooko a kum'mawa kwa Afrika. Cimene Mzungu anataya ngati cotha nchito, kuno cinafika ngati cuma ca mafumu.

Ndipo cinapeza dziko losautsika. Kumapiri kunali Angoni a Chiwere ndi a Chikuse, amene anatama mkondo ndi cishango koposa mfuti. Kunyanja kunali mafumu a Ciyao, Makanjira, Mponda, Pemba ndi Tambala, amene mphamvu yao inali m'malonda a ku gombe. Kalonga Sosola anaphedwa ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860, ndipo ufumu wakale wa Amaravi unapasuka. Mwase wa ku Kasungu anapangana ndi Jumbe, napeza mfuti, nalimbika pamaso pa Angoni. Mudzi wopanda mfuti unagwidwa. Mudzi wofuna mfuti unayenera kulipira minyanga kapena anthu. Ndipo pofuna anthu olipira unagwira mudzi wina. Potero mfuti inabala mfuti, ndi goli linabala goli.

M'caka ca 1890 mitundu ya ku Ulaya inapangana ku Brussels kuletsa malonda a mfuti zatsopano m'cigawo cacikuru ca Afrika, koma inalola mfuti za mwala zopanda mizere, ndi wonga wamba. M'caka ca 1891 Angerezi anakhazikitsa Boma lao kuno, ndipo Harry Johnston anabwera ndi asilikari a Cisikh ocokera ku India. Mu December caka comweco Captain Cecil Maguire anaphedwa kutsidya kwa Makanjira, pofuna kuononga zombo za mfumuyo, sitima ya Domira itatsamira pamcenga. Nkhondo inapitirira zaka zinai: Makanjira anathyoledwa kotheratu m'caka ca 1895, Mlozi anapacikidwa ku Karonga mu December 1895, Mwase wa ku Kasungu anagonjetsedwa mwezi womwewo, ndi Tambala kuciyambi kwa 1896. Kuyambira pomwepo munthu wofuna kusunga mfuti anayenera kukhala ndi ciphaso ca Boma. Zina zinalandidwa, zina zinalembedwa, ndi zina zinabisidwa kutsindwi ndi pansi pa nthaka; ndizo zina za izo tiziona lero.

MIBADWO ISANU YA MFUTI

Mfuti ziri nayo mibadwo monga anthu, ndipo wozindikira mbadwo wazindikira theka la mbiri.

Woyamba ndiwo wa mfuti ya mwala. Pambali pace pali nyundo ya zibwano ziwiri zogwira mwala, ndi kacitsulo koimirira kamene mwalawo ukakhula, ndi kambale kolandira wonga pang'ono. Yomveka mwa izi ndiyo ya Angerezi yochedwa Brown Bess, imene inagwira nchito koposa zaka zana limodzi, kufikira m'zaka za m'ma 1830. Kukamwa kwace nkwakukuru, magawo atatu a magawo anai a inci, ndipo m'kati mwa mpope muli see, mopanda mizere.

Waciwiri ndiwo wa mfuti ya fataki. Ithiridwabe kukamwa, koma mwala palibe; nyundo igwera pa kansonga ka citsulo kobvekedwa fataki, ndipo mvula siilepheretsa monga inacitira ya mwala. Yoposa zonse mwa izi ndiyo Enfield ya caka ca 1853, ya mpope womangidwa ndi mikombero itatu ya citsulo, ya kukamwa kwa .577 ya inci. M'kati mwace muli mizere itatu yopota, imene izungulitsa cipolopolo kuti ciyende molunjika. Mibadwo iwiri iyi ndiyo gogodera weni-weni, ndiyonso inacuruka m'masiku a magoli.

Wacitatu ndiwo wa Snider. M'caka ca 1866 Angerezi anayamba kudula Enfield zao kumbuyo, naikapo kacitseko kotsegukira kudzanja lamanja, monga anatulukira Jacob Snider wa ku America. Pamenepo wonga, fataki ndi cipolopolo zinakhala pamodzi m'khoko limodzi. Mukaona mfuti ya nyundo yakunja ngati gogodera, koma yokhala nako kacitseko kumbuyo kwa mpope, ndiyo Snider. Ndipo caka colembedwa pambali pace cikhoza kukhala cakale koposa 1866, popeza inabadwa Enfield. Asilikari oyamba a Boma m'dziko lino ananyamula zotere.

Wacinai ndiwo wa Martini-Henry, ya caka ca 1871, yochedwa maina a Friedrich von Martini wa ku Switzerland ndi Alexander Henry wa ku Edinburgh. Iribe nyundo yoonekera. Kunsi kwace kuli cogwirira cacitali; ukacitsitsa, citseko cigwa pansi, nupeza polowetsa khoko limodzi. Iyi ndiyo Angerezi anali nayo pamene Azulu anawagonjetsa ku Isandlwana mu January 1879.

Wacisanu ndiwo wa mfuti za mpiringidzo ndi kabokosi ka zipolopolo kunsi, za kukamwa kwa .303: Lee-Metford ya 1888, Lee-Enfield ya 1895, ndi yaifupi yace ya 1907, imene mtengo wace ufika kumphuno, ndi kabokosi kace kasunga zipolopolo khumi. Za mtundu uwu ndizo ana a dziko lino ananyamula mu Keyala pa nkhondo ziwiri zazikuru, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945.

Tisaiwale za anansi. Asilikari akuda a Ajeremani, amene anamenyana ndi Keyala ku Karonga pa 9 September 1914, ambiri anali nayo Mauser ya 1871, ya mpiringidzo koma ya cipolopolo cimodzi, yofuka utsi wambiri. Pa izo muwerenga maina a midzi onga Spandau, Danzig ndi Amberg. Apwitikizi anali nayo Kropatschek ya 1886, yopangidwa ku Steyr, ndi Mauser-Vergueiro ya 1904. Ndipo Ajeremani analanda zambiri za izo pa Negomano mu November 1917, poloka Ruvuma kulowa m'dziko la Apwitikizi kutsidya kwa nyanja yathu.

KUWERENGA ZIZINDIKIRO

Kuona maso a nkhono nkudekha. Zilembo za pa mfuti nzazing'ono, ndipo dzimbiri lazikwirira. Koma wodekha azipeza m'malo atatu: pa citsulo ca pambali, patsinde pa mpope, ndi pa mtengo wokhala paphewa.

Coyamba ndico korona ndi zilembo ziwiri za mfumu ya Angerezi. V.R. ndiye Victoria, amene analamulira kuyambira 1837 kufikira January 1901. W.R. ndiye William IV, 1830 mpaka 1837. E.R. pa mfuti ya mpiringidzo yakale ndiye Edward VII, 1901 mpaka 1910. G.R. afuna kusamala, pakuti a George anacuruka: pa mfuti ya mwala ndiye mmodzi wa iwo amene analamulira cisanafike caka ca 1830, koma pa Lee-Enfield ndiye George V kapena George VI, pakati pa 1910 ndi 1952.

Caciwiri ndico kamubvi ka mizere itatu yokomana pansonga, konga phazi la nkhuku. Ako kanena kuti cinthuci ncuma ca Boma la Angerezi. Mibvi iwiri yotere yolasana nsonga inena kuti Boma linaigulitsa mfutiyo, ndipo sirinso ya nkhondo.

Cacitatu ndico cidindo ca mayeso. Ku Ulaya mpope usanagulitsidwe unathiridwa wonga wopambana muyeso wa masiku onse, nuombedwa m'nyumba yotsekedwa, ukapirira, unadindidwa. Nyumba ya mayeso ya ku Birmingham, yokhazikitsidwa m'caka ca 1813, inadinda ndodo ziwiri zacifumu zopingasana, ndi korona pamwamba pace. Ya ku Liège m'dziko la Belgium inadinda zilembo E L G ndi kanyenyezi, m'kati mwa mzere wonga dzira.

Tsono gwirani lamulo ili, pakuti ndilo mutu wa nkhani yonse. Caka ca pa mfuti ndico caka ca kubadwa kwace, si caka ca kufika kwace kuno ai. Mfuti yolembedwa 1860 ikhoza kukhala inaoloka nyanja m'caka ca 1885, itatha nchito yace ku Ulaya. Cifukwa cace cakaco sicikhoza kutsimikiza mbiri ya banja, koma cikhoza kuitsutsa. Martini yolembedwa 1875 sinaone imfa ya Kalonga Sosola. Lee-Enfield yolembedwa 1916 sinalire pa nkhondo ya Makanjira. Ndi mfuti ya mwala siinapatsidwe kwa msilikari wa Keyala. Mwana sabadwa amace asanabadwe.

MFUTI ZOFANIZIRA

Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Si mfuti yonse ya korona inagwiridwa ndi msilikari wa Mfumu; pakuti malonda a zofanizira ngakale monga malonda a zeni-zeni. Tizigawa patatu.

Zoyamba ndizo za amalonda a ku Ulaya komweko. Pa mfuti za Boma la Angerezi panalembedwa liu lakuti TOWER, ndilo dzina la linga la ku London kumene kunali nkhokwe ya zida. Ogula a kuno anazolowera liulo, nakana mfuti yopanda ilo. Pamenepo amisiri a ku Birmingham ndi a ku Liège anapanga mfuti zotsika mtengo zikwi zambiri, zina za zitsulo zakale zolumikiza, zina za citsulo cofewa ndi mtengo wopaka utoto, nalembapo TOWER ndi korona. Mudzazizindikira pakusowa kamubvi ka Boma, pa kupepuka kwace, ndi pa cidindo ca E L G. Pakuti mfuti ya malonda yolembedwa dzina la London, koma yoyesedwa ku Liège, yadziulula yokha. Cinyengo cotere cinagweranso dzina la Lazarino Cominazzo, wa banja la osula mipope omveka a ku Gardone m'dziko la Italy. Amisiri a ku Braga m'dziko la Portugal anatenga dzinalo, naonjezapo liu lakuti Legitimo, ndiko kunena ceni-ceni. Ndipo a ku Liège anafanizira zofanizirazo, ndi liu lomwelo, nazitumiza ku Afrika, makamaka podzera ku Angola. Potero liu lakuti ceni-ceni linasanduka cizindikiro ca conama.

Zaciwiri ndizo za osula a kumapiri a pakati pa Pakistan ndi Afghanistan, kufupi ndi mpata wa Khyber, makamaka pa mudzi wa Darra Adam Khel. Kumeneko mabanja a amisiri akhala akupanga Martini ndi Lee-Enfield ndi nyundo ndi tupa kwa zaka zoposa zana limodzi, ndipo nchito yao ikhoza kunyenga diso la mlendo. Koma popeza ambiri anafanizira zilembo za Cingerezi monga zithunzi, osaziwerenga, analakwa. Pa zina cilembo N ca m'dzina la ENFIELD ciri cagada. Pa zina pali V.R. pamodzi ndi caka cimene Victoria anali atagona kale m'manda. Asilikari a maiko akunja amene anapita ku Afghanistan kuyambira 2001 anagula zambiri, poyesa nzakale. Ici ticinena kuti aphunzitsi aonetse ana phindu la kuwerenga: cilembo cimodzi cokhota citsutsa mfuti yonse.

Zacitatu ndizo za osula athu. Makolo athu anadziwa citsulo Aluya asanafike. Anali nazo ng'anjo, ndi mibvukuto, nasula makasu, nkhwangwa ndi mipaliro. Pofika mfuti, wosula anayamba ndi kukonza. Anasula zipolopolo za citsulo posowa mtobvu. Anasema mtengo watsopano wakalewo utathyoka. Anamanga ming'alu ndi waya wa mkuwa kapena ndi cikopa caciwisi cimene cigwira zolimba pouma. Anacotsa mwala naikapo kansonga ka fataki. Cifukwa cace mfuti zambiri za m'midzi nzosakaniza: citsulo ca pambali nca ku Birmingham, mtengo ngwa mlombwa, ndi misomali ya mkuwa yokometsera njoikidwa kuno. Yotere sitiicha yonama. Iri ngati nyumba ya agogo imene zidzukulu zaifolera kawiri katatu.

Koma pocuruka zitsulo za Azungu m'dziko, makamaka itafika njanje ku Salima m'caka ca 1935, ndi magalimoto atayamba kufera m'misewu, osula ena anayamba kupanga mfuti yathunthu ndi mipope ya madzi ndi zitsulo za magalimoto. Malonda ace acitika mobisika, ndipo ogula ndiwo alimi osauka mtima ndi nguluwe, anyani ndi mvuu m'minda mwao, ndi alenje olowa m'nkhalango zoletsedwa. Mfuti yotere muizindikira ndi mikwasa ya tupa, ndi zitsulo zosakhalana bwino, ndi misomali yosiyana-siyana, ndi kusowa kwa cidindo ciri conse ca mayeso. Luso la mmisiriyo sitilikana. Koma mpope wa madzi uli nao msoko m'litali mwace, ndipo unapangidwira madzi, si moto ai. Mfuti ya ku Birmingham inayesedwa m'nyumba yotsekedwa mopanda munthu. Mfuti ya pa cipala ca kumudzi iyesedwa paphewa pa mwini wace, cala cace ciri pansi pa mpope, ndi diso lace liri pambuyo pace.

MFUTI M'MIYAMBO YATHU

Cinthu cacilendo ici cinalowa msanga m'miyambo. Pa maliro a mfumu kapena a munthu wamkuru anaomba mfuti, kuti midzi yakutali imve uthenga. Mlenje anatsuka mfuti yace ndi mankhwala, ndipo iye ali kuthengo mkazi wace anayenera kudzisunga, pakuti anati cigololo ca kumudzi ciitana nyanga ya njati. Mwini wace akamwalira, mfuti sinapite kwa mwana wace wobala, koma kwa mbale wace kapena kwa mwana wa mlongo wace, monga mwa mwambo wa Acewa ndi Ayao. Cifukwa cace wofuna mbiri ya mfuti afunse mzere wa kucikazi, pakuti ndimo inayenda.

Ndipo mibadwo ya mfuti siinathere pa Lee-Enfield. Pa nkhondo ya pacibale ya ku Mozambique, 1977 mpaka 1992, anthu monga miliyoni imodzi anathawira m'dziko lino, ndipo mfuti za AK-47 zinaoloka malire, nizigwa m'manja mwa acifwamba. M'nkhalango ya Nkhotakota njobvu zinali zoposa 1,500, koma pofika caka ca 2015 zinatsala zosakwana 100, kotero kuti m'zaka za 2016 ndi 2017 ananyamula zina monga 500 pa magalimoto kucokera ku Liwonde ndi ku Majete. Lamulo la nyama za kuthengo lokonzedwa m'caka ca 2017 lifikitsa cilango ca mirandu yaikuru pa zaka 30 m'ndende. Njobvu imene inagula mfuti m'masiku a Jumbe inatsala pang'ono kutha nayo mfuti yomweyo.

CIMENE TIYENERA KUCITA

Tsono inu aphunzitsi ndi alaliki anzathu, munthu akakuonetsani mfuti ya makolo ace, citani izi. Yambani mwalonjera eni ace monga kuyenera, ndipo musaigwire asanakuloleni. Muiyese yodzala nthawi zonse, pakuti gogodera akhoza kusunga wonga m'mimba mwace zaka makumi ambiri; musailoze kwa munthu, musasuzumire kukamwa kwace, musaiyandikize kumoto, ndipo musalole wina aliyense kuiomba pofuna kuona ngati ikali ndi moyo. Musaikhule ndi mcenga kapena tupa, pakuti mudzafafaniza umboni womwe muufuna. Kansaru ka mafuta kakwanira. Ikani pepala pa zilembo, nimupakepo pensulo mopepuka, ndipo zidzaturuka. Mukatero khalani pansi ndi nkhalamba za pabanjapo, nimulembe maina a onse amene anaigwira, kubwerera m'mbuyo kufikira woyamba, ndi mudzi umene anaigula, ndi cimene analipira.

Funso lotsirizali nlowawa, ndipo lifunsidwe mofatsa, koma lisasiyidwe. Pakuti m'mipingo yathu ndi m'sukulu zathu akhala pa benci limodzi adzukulu a iwo amene anagula mfuti ndi adzukulu a iwo amene anagulitsidwa. Sitifukula izi kuti tiutse udani pakati pa Mcewa, Myao ndi Mngoni, kapena pakati pa Mkristu ndi Msilamu. Pakuti m'malonda aja panalibe pfuko la manja oyera, ndipo opanga mfutizo anali a maiko ochedwa a Cikristu. Tizifukula kuti ana adziwe mtengo weni-weni wa citsulo cimene acitama.

Mau a pacitsulo akatsutsana ndi mau a pakamwa, musacititse manyazi nkhalamba pamaso pa ana ace. Kapena mfuti yoyambayo inalandidwa ndi Boma, ndipo banja linagula yina, niilowa dzina la yakaleyo monga mphwa alowa dzina la malume ace. Lembani zonse ziwiri, ndi kuzisiyanitsa bwino.

Muwauzenso poyera kuti lamulo la dziko lifuna ciphaso pa mfuti, ndi kuti kusula mfuti kapena kugula ya pa cipala ndi mlandu. Njira yabwino ndiyo kudziwitsa mfumu ya mudzi ndi apolisi. Ndipo mfuti ya mbiri yomveka iyenera malo onga nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri m'Blantyre, kapena ya ku Mangochi, kumene mzinga wa sitima ya Guendolen uima pafupi ndi nsanja ya koloko, wosaopsanso munthu.

Abale athu a ku Mozambique anatisonyeza njira yoposa. M'caka ca 1995 mipingo ya kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayamba kulandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata m'malo mwace, potsata mau a pa Yesaya 2:4. Ndipo mfutizo anazidula-dula. Makolo athu anapereka anthu kuti alandire mfuti. Iwo anapereka mfuti kuti alandire makasu. Wosula wa kwa Maganga amene manja ace akhoza kufanizira nchito ya ku Birmingham sasowa nzeru ya kusula khasu, nangula wa bwato, kapena cikwakwa ca mpunga. Ndipo tiyenera kumlimbikitsa, ndi kugula za pa cipala cace.

Amene adzapeza zilembo pa mfuti za m'midzi yao, azitumize kwa Mkonzi wa masamba ano, pamodzi ndi mau a nkhalamba monga anawanena, osakometsa. Nkhalambazo zirikutha, ndi dzimbiri silipuma.